Maso Oyera a Falesi

Bwerani kuno nonse! Iwe, zimitsa wailesiyo. Amene akusenda chinangwa abwere nacho konkuno, manja azigwira makutu ali kwa ine. Khalani pansi. Chete! Ndati chetetu, sindibwereza, mpweya wanga watsala wochepa masiku ano. Lusiya mwana wanga, iwe ndiwe mphunzitsi, tenga kope ulembe. Ulembe mmene ndikuyankhuliramu, usakonze. Ukakonza ndidziwa, kuwerenga sinditha koma nkhope yako ndimaiwerenga. Za ubwana wanga zisiye, mulibe kanthu, mbuzi ndi matekenya basi. Yambira pa ntchito.

Chaka chimene Lusiya anasiya bere

Mukuti chinali chaka chanji? Manambala ndi anu a sukulu. Ine ndikudziwa kuti tinkanenabe masheleni, ndipo Lusiya ankatsokomola. Ndinapita naye ku kachipatala kathu ka kumapiri, m'dera la a Kanduku, dzina lake lisiye. Anthu pamzere mbwee! Kalaliki akuitana mayina ndi timawu ngati mwanapiye wanyowa: "Nabanda... Nabanda..." Palibe akumva. Ine mtima unandipsa, ndinangoti, "NABANDA! Akukuitanani inu, mwagona?" Mpaka akhwangwala anauluka pa denga.

Kunatuluka namwino wamkulu, mayi Nyirongo, a ku Mpoto, afupi, kachipewa koyera kali njo pamutu. "Ndani akukuwa ngati waberedwa mbuzi?"

Ndinati, "Ndine, Elube."

"Umadziwa kukolopa?"

"Ndimadziwa kuzira."

"Simenti sazira, iwe! Khadi la chipani uli nalo?"

Ndinamasula pa mfundo ya chitenje. Masiku amenewo khadi linali ngati mchombo, aliyense nalo, ukapanda nalo ngakhale mchere sugula. Anayang'ana n'kunena kuti, "Ubwere Lolemba. Mawu akowo tiwagwiritsa ntchito." Ntchito ndinaipeza choncho, ndi kukamwa. Anandipatsa ndowa, chikolopa, ndi diresi yobiriwira yofika m'mapazi. Kukolopa, kuchapa nsalu za magazi, kutaya za m'mapoti, kuitana mayina. Bwana wina anali bambo Kachingwe. Tinkawati adokotala, iwo n'kumati, "Ine ndine medikala asisitanti," ife n'kumati, "Inde, adokotala." Munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana.

Chaka chimene ndalama zinasintha

Kuseri kwa wodi kunali kanyumba ka zipinda ziwiri. Tinkangoti ku Chikuku. Ana a chikuku ankagona kumeneko ndi amayi awo kuti asapatsire ena, ndipo mayi Nyirongo ananditumiza kumeneko. "Iwe unadwala kale, sichikugwiranso. Ndipo akazi awa amakuopa."

Inu ana a katemera simuchidziwa chikuku. Mwana thupi moto, chifuwa, totupa thupi lonse ngati wamuwaza mapira, maso psuu, kenako amatirira ndi manthongo, osatseguka. Kwathu tinali ndi malamulo ake. Mwana wa chikuku sasamba. Satuluka padzuwa. Bambo ndi mayi ake amagona kosiyana mpaka chithe. Jekeseni ayi, akuti imabweza chikuku m'kati. Ndiye maso akamatirira, pali masamba amene amafinyira m'maso kuti chikuku chitulukire m'misozi, chisakwere kumutu. Mtengo wake sinditchula, ena inu ndinu opusa mungakayese. Katswiri wake mudzi wonse anali amayi anga. Ine anandithira. Mng'ono wanga Dolika anamuthira. Taonani masowa! Mpaka lero ulusi pa singano ndimalowetsa ndekha.

Koma ku Chikuku ndinaona zina. Tsiku lina mayi Nyirongo anandikoka dzanja. "Elube, bwera uone. Ona! Usatembenuke! Lachiwiri lapitali ili linali diso labwinobwino." Ana inu, diso la mwana litasungunuka ngati dzira losweka. Mayi wake anali atamuthira masamba omwewo. Ndinatuluka kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi. Nditabwerera anati, "Kuyambira lero phukusi lililonse lolowa muno uzisecha iwe. Mankhwala a kumudzi, m'chimbudzi. Kwiki kwiki!"

Athu mankhwala anali mafuta achikasu a m'kachubu kochepa ngati chala cha mwana. Ankatha. Akatha tinkang'amba kachubu ndi lezala n'kumakokota ndi kamtengo ka machesi. Thonje likatha tinkawiritsa tinsanza. Kutsuka maso ndi madzi owiritsa, kupaka mafuta, katatu pa tsiku, imeneyo inalinso ntchito yanga.

Koma kusecha, eee, ndinali chilombo! Ndinkaima pakhomo manja m'chiuno.

"Masulani phukusilo, mayi!"

"Muli ufa wokha, anamwino." Ankanditi anamwino, ine sindinkakana.

"Ufa wanu umalira gobedegobede? Tulutsani!"

Ndinkapeza m'tsitsi pansi pa duku, m'mfundo ya chitenje, m'chikho cha thobwa, wina mpaka m'thewera la khanda. Ena ankalira, ena kutukwana. "Iwe Elube, mayi ako omwe ndiwo atipatsa!" Ine, "Akakupatseni kawiri, muno salowa!" Pobwerera kumudzi amayi ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Akutitu ntchito yako ndi kutaya ntchito yanga." M'mutu mwanga munali anthu awiri, wina wa diresi yobiriwira, wina mwana wa amayi, ndipo sankapatsana moni.

Chaka cha chikuku chachikulu, manachesi akutha

Kutsidya kunali nkhondo ya Apwitikizi, anthu ankadutsa malire ndi ana kumsana. Ku Chikuku kunadzaza, ana awiri bedi limodzi, ena pamkeka. Panali mayi wina wa kutsidya, Lozina, ndi mwana wake Zuze. Ndinamusecha mpaka m'khwapa. Iye, "Nada, mama, nada, mulibe kanthu! Manachesi basi, a mwana." Ndinamusiya. Mumukumbukire ameneyo.

Lachinayi m'mawa ndikukolopa khonde, ndinangoona Dolika akutsika phiri, mwana kumsana atamufunditsa chitenje mutu wonse. Falesi. Mwana wake mmodzi yekhayo, atatu anali atapita kale ali makhanda. Zaka zinayi, kamtsikana kolongolola ngati ine, anthu ankati Dolika anangondiberekera. Ankanditi amayi aakulu. Akandiona patali ankakuwa, "Amayi aakulu, mwanditengera chiyani m'thumbamo?" Tsiku limenelo sanakuwe. Maso atamatirira gwa, akupuma ngati kamwana ka mbuzi.

Dolika anandikokera kuseri kwa thanki. "Achemwali, ndabwera chifukwa chifuwa chamukulira, apo ayi sindikanabwera. Koma amayi andipatsa aka." Kabotolo ka fodya wa m'mphuno, m'kati madzi oderako. "Inu ndinu wosecha. Wosecha samusecha. Mundilowetsere."

"Dolika, ukudziwa ntchito yanga."

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso amene anakuthirani inu. Achemwali, ndatsala ndi mmodzi."

Ndinalandira. Ndinaika m'thumba la diresi. Pakhomo ndinamusecha mokuwa kuti onse amve, "Masula phukusilo, ngakhale ndiwe m'bale wanga!" Analowa.

Kabotolo kaja kanandiwotcha ntchafu m'mawa wonse. Ndikakolopa, ndikuona diso losungunuka lija. Ndikafinya chikolopa, ndikumva amayi, "Chikapanda kutulukira m'misozi, chikwera kumutu." Ndimupatse? Ndimukanize? Ndikamukaniza anyamula mwana kubwerera kumudzi, chifuwa chikamuphera komweko. Ndikamupatsa, maso. Ndiye tamverani nzeru za munthu wosaphunzira. Ndinalowa m'chimbudzi, ndinakhuthula mankhwala a amayi onse, khuthu! Ndinatsuka kabotolo ndi madzi otentha. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga tiyi wotsala mu ketulo ya adokotala, wopanda shuga, ndinasungunula ndi madzi owiritsa mpaka mtundu unafanana. Fungo la fodya silichoka m'botolo ngakhale utsuke kakhumi, ndiye ndani akanadziwa? Ndinamupatsa Dolika. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mulungu akudalitseni, achemwali." Ine, "Bisa, bisa, usandiphetse."

Ndiye zinkayenda chonchi. Mayi Nyirongo akapita kukadya masana, Dolika ankadontheza tiyi m'maso mwa mwana, mtima wake pansi. Ine ndikubwera ndi beseni langa, kutsuka, kupaka mafuta achikasu. Adokotala anamubaya jekeseni ya chifuwa, Dolika akuyang'ana kukhoma. Ndinkadziona wochenjera kuposa anthu onse a m'boma la Mwanza.

Chifuwa chinatsika. Totupa tinayamba kufundula ngati gaga. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Falesi anamwa phala, anandigwira thumba ali chitsinzinire, "Muli chiyani umu?" Tinaseka. Dolika anati mawa tikupita.

Masana omwewo, dzuwa lili pamutu, ndinamva kukuwa. "Achemwali! Achemwali!" Ndinataya ndowa. Mwana ali gwa ngati thabwa, kenako manja ndi miyendo kugwedezeka, thovu kukamwa, mutu wabwerera kumbuyo. Adokotala anathamanga, ine ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Jekeseni. Mwana anasiya kugwedezeka. Anayambanso. Madzulo asanafike anagwidwa kanayi, kenako anagona. Kugona kosadzuka. Kumutsina, zii. Masiku atatu tikumudontheza madzi a shuga ndi supuni. Ambulansi inali pa miyala ku Boma, yopanda matayala, ndipo adokotala anati ngakhale ikanakhalapo, msewu wathu ukanamumaliza.

Ndinawafunsa, "Adokotala, chikuku chatha, nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi chomwecho, Elube. Nthawi zina chimatha pakhungu n'kukatupitsa bongo."

Chakwera kumutu. Mawu a amayi enieni, koma akutuluka m'kamwa mwa munthu wa sukulu.

Ine maso sindinasiye kutsuka. Mwana ali chigonere, ine kutsuka, kupaka, kutsuka, kupaka. Tsiku lachinayi m'mawa anayasamula, anati, "Amayi, njala." Ndipo anatsegula maso. Ana inu! Maso oyera mbee, akuda pakati bii, opanda kachilema ngakhale kamodzi, okongola kuposa kale. Dolika anaimba nthungululu m'wodi. Mayi Nyirongo anabwera, anayang'ana, anandimenya paphewa. "Waona, Elube? Waona ntchito ya mafuta?" Dolika anandipsinyira diso, kunena kuti ife tikudziwa ntchito ya ndani. Aliyense akuyamika mankhwala ake.

Ndinatulutsa nachesi m'thumba, ndinamuonetsa pamphuno pomwe. "Falesi, taona amayi aakulu akutengera chiyani!"

Anatembenukira kumene kunachokera mawu anga, koma maso anandidutsa, anakayang'ana khoma. Anati, "Amayi aakulu, tsegulani chitseko. Bwanji simunatsegule? Kunja sikunache?"

Dzuwa lili phaa pabedi pake.

Adokotala anabwera ndi tochi. Anawalitsa m'diso, kakuda kapakati kanachepa. Anachotsa, kanakula. Linalo chimodzimodzi. Anagwedeza chala, anagwedeza makiyi osawaliza, mwana osaphethira. Anakhala pansi pa bedi, anavula magalasi.

"Maso ali bwino," anatero.

Ine, "Ndiye aona?"

"Saona."

"Adokotala, mwati maso ali bwino."

"Elube, diso ndi zenera chabe. Woona amakhala kuno." Anadzigwira kunkhongo. "Zenera mwalisamala, ndi loyera. Koma mwini nyumba wavulala."

Kunkhongo? Munthu amaonera kunkhongo? Lusiya, iwe unandiuza kuti n'zoona, zili m'mabuku. Chabwino. Koma ine mpaka lero ndikadzigwira kunkhongo ndimangopeza tsitsi.

Apo Dolika anadzigwetsa pa simenti, phii! Anatulutsa kabotolo m'kamisolo, akudzimenya nako pachifuwa. "Ndine! Ndamupha maso ndine! Munanena, anamwino, munanena, ine osamva! Ndinkamuthira mankhwala a amayi masana alionse! Ndine mfiti ya mwana wanga! Amayi andiphera mwana!"

Mayi Nyirongo analanda kabotolo, ananditembenukira. "Elube. Ichi chadutsa bwanji pakhomo pako?"

Tsono imani pamenepo, ana inu. Lusiya, ika cholembera pansi kaye. Ndikanatha kunena kuti anandibisira, sindinaone. Akanandikalipira, basi, mawa ndikukolopa. Koma mng'ono wanga akanasenza mwala umenewo mpaka kumanda, kuti anachititsa khungu mwana wake ndi dzanja lake, ndipo amayi athu sakanawayang'ananso kumaso. Ndikanena zoona, mwalawo ukubwera pamutu panga. Musaganize kuti ndinakhala pansi n'kuyeza. Kukamwa kwangaku sikudikira mwini wake. Ndinangomva ndanena:

"Ndi tiyi."

Onse ananditembenukira, ine n'kupitiriza:

"Ndi tiyi wa adokotala. Mankhwala ndinataya m'chimbudzi tsiku lomwe anabwera. Dolika, sunamuthire kanthu. Sunalakwe iwe."

Mayi Nyirongo anadontheza padzanja, ananyambita. Anayamba kuseka, kenako anayang'ana mwana uja n'kuleka. Lusiya, tola cholembera, lemba.

Dolika anasiya kulira. Anadzuka bwinobwino, anakonza chitenje. Anayankhula motsitsa, ndipo ine ndikanakonda akanakuwa.

"Masiku onse aja ndinkathira tiyi?"

"Dolika, ndinaona diso litasungu..."

"Ndiye chikuku chinafika m'maso, chinapeza mwatseka ndi mafuta anu, panalibe chochitulutsa. Chinakwera."

Adokotala anati, "Ayi, mayi. Ngakhale mukanathira, chikanakwerabe. Masamba aja satulutsa kanthu, amangowotcha diso. Mchemwali wanuyu wapulumutsa maso a mwana."

Dolika analoza pazenera. Panja Zuze, mwana wa Lozina uja, ankathamangitsa nkhuku za mlonda. Paja Lozina anandipusitsa. Anaboola nachesi, anaikamo kansanza konyika m'mankhwala, n'kutsekanso ndi khungu lake. Tinazindikira diso lamanzere la Zuze litayera kale ngati chimanga chokonola.

"Uyo anathiridwa," anatero Dolika. "Uyo akuthamanga."

"Diso limodzi lafa, mayi, chifukwa cha mankhwala omwewo."

"Limodzi. Ndipatseni limodzi, adokotala. Tengani awiri oyerawa, mundipatse limodzi."

Adokotala anavala magalasi, anavulanso. Analemba kalata yoti apite naye ku Blantyre, anati nthawi zina kuona kumabwerera pang'ono bongo ukaphwa, tidikire. Dolika kalatayo anaisiya pabedi.

Zaka zotsatira

Ndinagwirabe ntchito mpaka tsitsi linayera. Ananditumiza ku Thambani, kenako ku Boma, kenako kundibweza kumapiri. Katemera anabwera, ndinkayenda ndi anamwino m'midzi, ine wokuwa, "Tulutsani ana! Amene wabisa mwana m'nkhokwe ndikumuona!" Kanyumba ka Chikuku kanasanduka stolo yosungiramo ndowa. Kusecha sindinasiye. Phukusi lililonse ndinkamasula, mankhwala m'chimbudzi. Mukandifunsa ngati ndinkakhulupirira, ndinkakhulupirira, maso osungunuka ndinawaona ambiri. Koma botolo lililonse ndinkaliyang'ana kawiri ndisanakhuthule.

Dokotala aliyense watsopano ndinkamufunsa. Onse yankho limodzi: "Simunalakwe, mayi, masamba sakanathandiza." Amayi anga yankho lawonso limodzi mpaka tsiku lomwalira: "Unatseka khomo." Awa akuti chinakwera kumutu, awa akuti chinakwera kumutu. Akugwirizana! Nanga akukangana chiyani? Ine mutu wanga umaima pamenepo.

Dolika sanathe mwezi pamudzi. Anasiya munda wake, gawo la amayi athu, anatsatira mwamuna wake kwawo kutsidya, m'nkhondo momwemo. Maliro a amayi uthenga unamupeza mochedwa, kaya sunamupeze. Za Falesi ndinkangomva kwa ogulitsa nsomba zouma. Wina anati amasiyanitsa usana ndi mdima. Wina anati anakula, amaimba kutchalitchi, mawu ake amamveka kutsidya la mtsinje. Ameneyo ndinamukhulupirira, mawu otero ndi a magazi anga. Wina anati si iyeyo. Sindikudziwa. Lusiya, ulembe dzina lake bwino, Falesi, mwina kope ili lidzafika kumene ine sindinafike, wina adzamuwerengere.

Ine ndi mng'ono wanga tinaonana komaliza tsiku lotuluka m'chipatala lija, pakuti pamudzi ankatseka chitseko akamva mawu anga. Anabereka mwana, phukusi pamutu. Ndinamutsatira mpaka pa thanki, ndowa ili m'manja, ndikuti, "Dolika, tenga kalatayi! Dolika, tenga ngakhale nachesi la mwana!" Osacheuka. Falesi yekha ndiye anatembenuza mutu kutsata mawu anga, maso aja ali mbee, akuwala padzuwa, akuyang'ana pambali panga. Anakwera phiri. Pa chulu chapamwamba paja Dolika anaima, anatembenuka. Dolika wofatsa uja, amene moyo wake wonse sanandikwezerepo mawu. Odwala onse pamzere anamva, adokotala anamva ali m'ofesi:

"Achemwali! Mwakolopa bwino! Maso mwatsuka, ayera! Nanga kuona mwataya kuti? M'chimbudzi momwemo?"